Kufunafuna kholo la apongozi ku Sussex

Lolemba, Reading

Apongozi anga afika dzulo kuchokera ku Toronto, ndipo ulendo uno sanabwerere zidzukulu zokha. Akufuna kupeza mudzi umene kholo lawo linachokera kuno ku England lisanawoloke nyanja kupita ku Canada. Mwana wawo sangachoke kuntchito mpaka Loweruka, ndiye woperekeza ndine. Masitima ndi mabasi a kuno ndinawazolowera, komanso maso anga amawerengabe tizilembo ting'onoting'ono popanda magalasi.

Chikwama cha mapepala chimene abwera nacho n'cholemera, koma umboni weniweni ndi wochepa. Muli chithunzi cha chiliza cha kumanda ena pafupi ndi tauni ya Strathroy ku Ontario, cholembedwa kuti wogona pamenepo kwawo kunali ku Sussex, England. Muli tsamba la kalembera wa ku Canada wotchedwa wa 1851, ngakhale anachitika mu Januwale 1852, ndipo pamalo olemba kumene munthu anabadwira anangoti England basi. Kwinako ndi nkhani ya pakamwa. Akuti mkuluyo anali mlimi wodzidalira, munda unamuchepera, anagulitsa zake n'kukwera chombo ndi mkazi ndi ana mu 1832, n'kukatsegula famu m'dera la Adelaide, kumadzulo kwa London wa ku Ontario. Mmodzi mwa ana amene anali m'chombomo ndiye agogo a agogo awo a apongozi.

Palinso mulu wa mapepala amene achimwene awo anasindikiza kuchokera pa intaneti: mndandanda wa makolo wofika mpaka m'ma 1500, pamwamba pake atajambulapo chishango ndi mkango. Anaukonza ndani, kaya. Anazitenga kuti, sananene. Ine ndauyang'ana n'kuubwezera m'chikwama, koma apongozi aona. "Mwana wanga, mukukayika?" Ndangoti, "Ayi amayi, tiyeni tikaone mabuku eni ake."

Mayina sindilemba pano, apongozi akana. Kholo lija ndiziti mkulu uja, mkazi wake ndiziti mayi uja.

Lachiwiri, Kew

Tinakwera sitima ya ku London Waterloo n'kutsikira ku Richmond, kenako siteshoni imodzi yokha kufika Kew Gardens. Kuchokera apo wapansi pang'ono ndi National Archives, kosungira zolemba zakale za boma, chinyumba cha konkire chokhala ndi dziwe la atsekwe kutsogolo. Kuti akupatse khadi lowerengera zolemba zenizeni amafuna ziphaso ziwiri, china chosonyeza dzina, china kumene umakhala. Zikwama zimatsala m'timakabati totseka, bolopeni saloleza, umalowa ndi pensulo ndi kope m'kajumbo koonekera mkati.

Apongozi anabwera ndi chikhulupiriro chimodzi, chakuti pano pali buku la anthu onse amene anakwerapo zombo kuchoka ku England, ndipo tingotsegula pa 1832. Buku lotero kulibe. Mindandanda ya okwera zombo zopita kutali, imene pano amaisunga pa nambala BT 27, inayamba mu 1890 n'kulekeza mu 1960. Kutsidya, ya zombo zofika ku Quebec imayambira mu 1865. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 Julayi 1837, ndipo kalembera woyamba wotchula munthu aliyense dzina ndi wa 1841. Mkulu uja anachoka zonsezi zisanayambe. M'mabuku a boma la ku London sanabadwe, sanakwatire, sanachokenso.

Apongozi nkhope inagwa. Koma bambo wa patebulo la mafunso atangomva Sussex, 1832 ndi Adelaide, sanachedwe. Anati mukafufuze za Petworth. Kuyambira 1832 mpaka 1837, komiti ya m'katauni kameneko, yotsogoleredwa ndi m'busa Thomas Sockett, ndalama zikuchokera kwa mwini malo wamkulu wa kumeneko, Earl wachitatu wa Egremont, inatumiza anthu pafupifupi 1,800 ku Upper Canada, kumene lero ndi Ontario. Apa apongozi anandigwira mkono. Msewu waukulu wodutsa kwawo, umene ankayendamo popita kusukulu, dzina lake ndi Egremont. Moyo wawo wonse sanafunsepo kuti ameneyo anali ndani.

Bamboyo anawonjezera mosamala kuti ambiri mwa anthu a Petworth anali aganyu a m'minda, ochita kulipiriridwa ulendo. Apongozi anamva ngati sanamve.

Masana ndinaitanitsa buku limodzi la m'gulu la MH 12 kuti ndingoona. Amenewa ndi makalata a pakati pa London ndi oyang'anira amphawi m'madera, kuyambira pamene lamulo latsopano la amphawi linabwera mu 1834. Lamulolo linalola parishi kubwereka ndalama zotumizira amphawi ake kunja, ndipo ikatero inkatumiza mndandanda ku London: dzina, zaka, kumene akupita, ndi chithandizo chimene munthuyo wakhala akulandira. Buku lake umalinyamula ndi manja awiri, ndipo limakusiyira fumbi lofiirira m'zala. Athu mulibemo, poti ananyamuka lamulolo lisanabwere. Apongozi anasuzumira mzere wa chithandizowo n'kunena kuti, "Athu sanali a gulu ili." Ndinangotseka bukulo.

Lachitatu, Chichester

West Sussex Record Office, nyumba yosungira zolemba zakale za chigawochi, ili pa Orchard Street, kafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mumzindawu. Muli bata, ndipo owerenga ambiri ndi a imvi.

Munthu wamba wa nthawi imeneyo umamupeza kudzera ku tchalitchi. Kuyambira 1538, pa lamulo la Thomas Cromwell, nduna ya mfumu, parishi iliyonse inkayenera kulemba ubatizo, ukwati ndi maliro. Akaundula akalewo anachoka m'matchalitchi n'kukasungidwa m'nyumba ngati ino, chigawo chilichonse ndi yake, ndipo ambiri anajambulidwa, umawaona pa kompyuta. Vuto n'lakuti Sussex ili ndi maparishi mazana angapo, moti ukangodziwa dzina la chigawo chokha ukhoza kukalambira pamenepa. Ife Petworth inatipulumutsa. Ofufuza anasonkhanitsa kale mayina a anthu amene komiti ija inatumiza, ndipo mayi wa pakauntala anatibweretsera mndandandawo. Dzina la banja la apongozi lilimo, chaka ndi 1832, ndipo parishi yake yatchulidwa.

Si parishi imene yalembedwa m'mapepala a pa intaneti aja. Ndi yoyandikana nayo.

Kunali amuna awiri a dzina limodzi, msinkhu wofanana, midzi yopenyana, onse akubatiza ana m'ma 1820. Chimene chinawalekanitsa ndi fomu. Kuyambira 1813 kaundula wa ubatizo ankabwera wosindikizidwa kale, wokhala ndi malo olemba kumene banja likukhala ndi ntchito ya bambo. Mmodzi m'busa ankamulemba kuti mlimi, winayo waganyu. Tinayala tsamba la kalembera wa ku Canada pambali n'kuyamba kufananitsa mayina a ana. Onse anagwirizana ndi a waganyu, ndi zaka zomwe. Kuti pasakhale mkangano ndinamufunanso mlimi uja mu kalembera wa 1841. Ali pompano ku Sussex, pa famu yake, ndi antchito ake, ndipo anaikidwa konkuno. Munthu sangagone m'manda awiri. Amene anakonza mndandanda wa pa intaneti anangoona dzina lofanana n'kusankha wolemerayo, ndipo mkango uja unachokera kumeneko.

Apongozi anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Anati tione za ukwati.

Kaundula wa ukwati ndiye wokoma, chifukwa kuyambira 1754 okwatirana ndi mboni zawo ankayenera kusaina okha. Pa dzina la mkulu uja pali X, ndipo m'busa analemba m'mbali kuti ndi chizindikiro chake. Mayi uja analemba yekha dzina lake lonse. Zilembo zake ndi zazikulu, zopendekera kumanzere, zosalumikizana, ndipo pa chilembo chomaliza inki inadontha n'kupanga kadontho kamene anayesa kukapukuta ndi chala. Mboni imodzi ili ndi dzina la bambo lofanana ndi lake, mwina mlongo wake, ndipo nayonso inasaina yokha. Banja limenelo wina ankaphunzitsa ana kulemba.

M'mapepala onse a apongozi mayiyu ali ndi dzina loyamba lokha. Ine ndinakulira kwa Achewa, kumene mwana ndi wa kwa amake ndipo ukafuna kudziwa munthu umafunsa za mbumba yake, ndiye funso linatuluka lokha: "Amayi, nanga mayiyu kwawo n'kuti? Amake anali ndani?" Apongozi anandiyang'ana kanthawi. Anati palibe anafunsapo.

Lachinayi, Chichester

Lero sitinagwire kompyuta m'mawa wonse. Tinaitanitsa mabuku a ndalama a parishi ija, enieniwo. Amakupatsa mapilo a siponji oikapo bukulo kuti msana wake usathyoke, ndi kachingwe kolemera kogwirira tsamba.

Kuyambira lamulo la 1601, m'masiku a Mfumukazi Elizabeth woyamba, parishi iliyonse inkasamala amphawi ake ndi msonkho wodulidwa kwa okhala ndi malo ndi nyumba. Chaka ndi chaka ankasankha akulu oyang'anira ntchitoyo, kawirikawiri alimi omwe ankalipira msonkhowo, ndipo ankalemba ndalama iliyonse yotuluka. Munthu wosunga ndalama za anzake salemba mwaulesi. N'chifukwa chake mabuku amenewa amanena zambiri za mphawi kuposa za wolemera. Wolemera amaoneka kamodzi, pamzere wa olipira. Mphawi amaoneka sabata ndi sabata.

Mkulu uja tinamupeza msanga. M'chilimwe, nthawi ya udzu ndi yokolola, dzina lake mulibe. Ikafika Novembala limabwera, ndipo silichokanso mpaka dzinja lawo litatha. Wapatsidwa masheleni chifukwa alibe ntchito. Wagwira ntchito ya pamsewu, parishi yalipira. Nsapato za mwana. Mkazi wadwala. Patsamba lina, pakati pa ndalama za nkhuni ndi za dokotala, pali bokosi la maliro la mwana wake. Mwanayo tinamuona dzulo mu kaundula wa ubatizo, ndipo tinadabwa kuti bwanji ku Canada kulibe.

Sanali waulesi, ndipo sanali yekha. Tsamba lililonse ladzaza mayina. Nkhondo ya Napoleon itatha mu 1815 asilikali anabwerera kumidzi, mitengo ya tirigu inagwa, alimi anachepetsa antchito. Ntchito imene inkadyetsa aganyu m'miyezi yozizira inali yopuntha tirigu ndi manja, ndipo makina opunthira anabwera n'kuilanda. Mu 1830 zinaphulika. Kuyambira ku Kent, kudzera kuno ku Sussex mpaka Hampshire ndi Wiltshire, aganyu anaphwanya makina, milu ya udzu ndi tirigu inapsa usiku, alimi ankalandira makalata owopseza osainidwa kuti Captain Swing. Boma linanyonga anthu 19 ndi kutumiza ena pafupifupi 500 ku Australia ngati akaidi. Eni malo anagona ndi mantha, ndipo ukaŵerengera bwino, komiti ya Petworth inabadwa pasanathe zaka ziwiri.

M'buku la misonkhano ya parishi, kumayambiriro kwa 1832, akuluakulu anagwirizana kusonkha ndalama zothandiza ofuna kupita ku Canada. Kenako m'buku la ndalama muli tsamba lodzaza ndi zogula: mabulangete, nsapato, nsalu, ziwiya, ndi malipiro a ngolo yopita ku Portsmouth. Dzina la mkulu uja lili pamenepo ndi mkazi ndi ana. Ndinatembenuza masamba otsatira mpaka chaka chinatha. Silinabwerenso.

Apongozi anadzuka osanena kanthu n'kutuluka. Ndinawasiya, kenako ndinawatsatira. Ndinawapeza pabenchi kuseri kwa tchalitchi chachikulu chija, manja ali m'matumba a jekete. Anati bambo awo ankakonda kunena patebulo kuti banja lathu silinapemphepo kanthu kwa munthu. Ndinati, "Amayi, amene analemba bukulo ndi amene ankalipira masheleni osakwana chakudya." Sanayankhe zimenezo. Anangofunsa ngati amalola kujambula. Amalola, ukalipira kandalama. Tinabwerera n'kujambula tsamba lililonse lokhala ndi dzinalo, ngakhale la bokosi lija.

Masana ndinatsata mayi uja ndekha. Ubatizo wake uli m'parishi yomweyo, ndipo unandipatsa dzina la amake. Amakewo nawonso ali m'buku la ndalama, mkazi wamasiye wolandira kangachepe sabata iliyonse. Sanakwere chombo. Lamulo la 1834 lija linaphatikiza maparishi n'kukankhira amphawi ku nyumba zowasungiramo ndi kuwagwiritsa ntchito, zotchedwa workhouse, ndipo mu kalembera wa 1841 gogoyo ali m'nyumba yoteroyo, pamzere wa nkhalamba zinzake. Zaka zake pamenepo sungazidalire, chifukwa kalembera ameneyo ankatsitsa zaka za akuluakulu kufika pa nambala yothera ndi 0 kapena 5. Kaundula wa maliro akumutchulanso, ndipo pa malo okhala analemba nyumba yomweyo.

Lachisanu, Petworth

Ku Petworth sitima sifika, tinapita pa basi yodutsa m'mapiri a South Downs. Chimene umayamba kuona si nyumba ayi, koma mpanda wamiyala wautali umene msewu umautsata osatha, ndipo tauni yonse yatsamira kumpandawo. Kuseri kwake kuli Petworth House ndi dambo lake la agwape, lokonzedwa ndi katswiri wokongoletsa malo, Capability Brown. Kuyambira 1947 nyumbayi ili m'manja mwa National Trust, bungwe losamala malo akale, ndipo aliyense wogula tikiti amalowa.

Egremont ankakonda zojambula. Wojambula wotchuka J. M. W. Turner ankakhala kuno miyezi, anapatsidwa chipinda chojambuliramo, ndipo zithunzi zake zikadali pamakoma. Muli holo ya ziboliboli za miyala yoyera, muli chipinda chosemedwa matabwa ndi Grinling Gibbons, zipatso ndi mbalame zooneka ngati ungazithyole. Apongozi anayenda pang'onopang'ono, ine ndinathamangira kunyumba ya antchito, kumene kuli makhitchini okhala ndi miphika ya mkuwa yosawerengeka. Dzulo tinawerenga mtengo wa nsapato za mwana. Lero mutu unkangowerengera wokha.

Ulendo wa munthu wamkulu unali mapaundi 10. M'maparishi amene malo anali ake Egremont ankalipira yonse, kwina ankathandiza mbali, ndipo zovala ndi zofunda zinali za parishi. Kwa alimi osonkha msonkho masamu ake anali osavuta. Banja limene likudya ndalama za parishi chaka ndi chaka ulilipirire kamodzi, lipite, lisadzabwerenso.

Tinakangana pang'ono pa tiyi. Apongozi, amene dzulo anali okhumudwa, lero atembenuka. Akuti Egremont anali munthu wachifundo, popanda iye bwenzi banja lawo litathera ku workhouse ngati gogo uja. Pa Sockett ndikuvomera. M'busayo sanangokankhira anthu m'chombo chilichonse ngati mmene ena ankachitira. Ankachita hayala zombo zakezake zonyamukira ku Portsmouth mu Epulo, kuti anthu akafike nyengo yotentha ikadalipo. Ankaikamo woyang'anira ulendo, ndipo ankawalipirira mpaka kumtunda ku York, Toronto wa lero, osati kuwasiya padoko la Quebec. Munthu wongofuna kutaya anthu savutika choncho. Koma chifundo chimenechi chinali ndi malire ake, ndipo malirewo ndi mpanda uja. Munthu wa malo ochuluka chotere anaona kuti njira yothandizira waganyu ndi kumuchotsa. Malipiro anakhala omwewo, minda inakhala ya yemweyo, ndipo amene anatsala anapitiriza kulembedwa m'buku lija. Apongozi akuti ndikuweruza akufa ndi maso a lero. Mwina. Koma aganyu a 1830 aja anali a nthawi yomweyo, ndipo anaziona.

Sockett ankasindikizanso makalata amene opitawo ankalembera abale awo, kuti ena alimbe mtima. Nkhani zake zimabwerezabwereza: nyama ikudyedwa tsiku lililonse, ukhoza kusaka popanda mlonda wa bwana kukugwira, wantchito amadya patebulo limodzi ndi womulemba. Sindikuti ndi bodza. Ndikungokumbukira kuti wosankha makalata osindikiza anali yemweyo wotumiza anthu. Mkulu uja, wa X, kalata sakanalemba. Ngati kunyumba kunabwera kalata, inali ya zilembo zopendekera kumanzere, ndipo inkapita kwa gogo uja.

Tinalowa m'tchalitchi cha St Mary, chimene Sockett ankatumikira, n'kukhala pang'ono chifukwa kunja kunali mvula. Egremont anamwalira mu Novembala 1837, mwezi wotsatira ku Upper Canada kunabuka kuukira boma, ndipo zombo za Petworth zinathera pomwepo.

Loweruka, kumudzi kwa mkulu uja

Abambo a ana afika ndi galimoto, ana ali kumbuyo akulimbirana foni. Mudziwo uli m'kati mwa nkhalango ndi minda ya dothi lomata, misewu yake yopapatiza moti mukakumana wina amabwerera chambuyo. Nyumba zimene kale zinali za aganyu lero zili ndi maluwa pakhomo ndi magalimoto odula panja. Waganyu wa lero sangakwanitse lendi yake.

Tchalitchi tinachipeza chokhoma. Pachitseko panali nambala ya wosunga kiyi, tinaimba, sanayankhe. Tinasuzumira pawindo n'kuona beseni lamwala lobatiziramo, ndipo apongozi anakhutira nazo. Kenako anayamba kuyenda m'manda, chiliza ndi chiliza, akukanda ndere ndi kiyi wa galimoto kuti awerenge mayina. Ndinadziwa kuti sapeza kanthu. Woikidwa ndi ndalama za parishi sankamuikira mwala. Mwana wa bokosi lija ali penapake m'kapinga yemweyo, ndipo mwina gogo ujanso. Mwana wanga wamkulu anafunsa agogo ake kuti tikufuna ndani. Anamuuza mayina onse awiri, la mwanayo ndi la gogoyo, bwinobwino ngati anawadziwa kuyambira kale.

Masana tinapita ku Weald and Downland Living Museum ku Singleton, kumene anasamutsira nyumba zakale za m'chigawochi n'kuzimanganso. Ana anakonda akavalo akuluakulu olima. Ine ndinayeza chipinda cha kanyumba kena ndi mapazi, n'kuyesa kuikamo anthu onse a patsamba la mabulangete lija.

Lamulungu, Portsmouth

Tinaima ku Old Portsmouth, pakamwa pa doko, pamene zombo za ku France ndi za ku Isle of Wight zimadutsa pafupi kwambiri. Kutsogolo kwake ndi Spithead, pamene zombo zakale zinkadikira mphepo. Chapafupi pali chipilala cha unyolo chokumbukira zombo zoyamba za akaidi zimene zinanyamuka pano kupita ku Australia pa 13 Meyi 1787. Alendo ambiri amathamangira chombo chakale chankhondo, HMS Victory. Ife tinangogula tchipisi n'kukhala pakhoma.

Mu Epulo 1832 komiti ya Petworth inatumiza zombo ziwiri, Lord Melville ndi Eveline. Panyanja anakhala milungu 6 kapena 7. Chaka chomwecho ndi chimene boma linatsegula malo oyezera odwala pachilumba cha Grosse Île, kumunsi kwa Quebec, poopa kolera, koma mu Juni matendawo anabukabe ku Quebec ndi ku Montreal n'kutsatira obwera kumenewo mtsinje wonse wa St Lawrence. Kuchoka ku Montreal unali ulendo wa maboti okwera mathithi mpaka ku York, tauni imene mu 1834 inasanduka Toronto. Bwanamkubwa John Colborne anatumiza ambiri ku Adelaide, kumene banja linkapatsidwa maekala 100 a nkhalango olipira pambuyo, amuna akugwira ntchito yolambula msewu uja wa Egremont. Malowo sanali opanda eni. Anali a anthu a Chippewa, ndipo boma linali litangowatenga m'mapangano a zaka zochepa m'mbuyomo. Ndinatchula zimenezi, apongozi anagwedeza mutu. Ku Canada nkhaniyo amaidziwa kuposa ine.

Pakhoma pomwepo anaimbira achimwene awo. Ndinkamva mbali imodzi yokha, koma inakwanira. Achimwenewo akukana. Akuti mayina ofanana ndi ambiri, akuti mkango uja anaupachika kale pabalaza m'felemu. Apongozi anawauza kuti mlimi wawoyo ali m'manda a ku Sussex ndipo chithunzi cha kaundula wake akutumiza pompano, kenako anadula foni n'kundipempha kuti ndiwasonyeze potumizira zithunzi zambiri nthawi imodzi.

Patsala mpata umodzi. Ana amene analembedwa patsamba la mabulangete ndi ochuluka ndi mmodzi poyerekeza ndi amene banja limawadziwa ku Ontario. Kamtsikana kena kanakwera ngolo ya ku Portsmouth, ndipo pofika 1852 sikaonekanso. Mwina kanakwatiwa n'kusintha dzina, poti pofika nthawiyo kanali katakula. Mwina ndi kolera ija. Za kuno zatha, yankho lili kutsidya, m'mabuku a matchalitchi a ku Adelaide ndi m'mapepala a malo ku Archives of Ontario. Apongozi akuti akangofika ayamba ndi maukwati, ndipo andilonjeza kuti aziyang'ananso mayina a mboni. Ine Lachiwiri ndili pa shifiti ya usiku.